Ntchito Zikachuluka, Yambani ndi Mwana

Amayi, miyezi ya Disembala ndi Januwale ndi yolemetsa kuno ku Thuchila. Chimanga ndi nandolo zifuna kupalira, madzi ndi nkhuni zikudikirani, kwinaku akuitanani ku ganyu. Ndi nyengo yomweyi imene malungo ndi kutsekula m'mimba zimagwira ana ambiri.

Simungathe kugwira zonse tsiku limodzi, choncho sankhani. Kuchapa ndi kuzira nyumba kungadikire mawa. Koma mwana wotentha thupi sadikira kuti mutsirize ndime. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti malungo angathe kupha mwana m'masiku ochepa.

Tsiku la sikelo mumalidziwiratu. Uzani bambo a mwana nthawi ikadalipo kuti tsikulo khasu ndi lawo. Katemera wa chikuku amaperekedwa mwana akakwanitsa miyezi 9, ndi kubwereza pa miyezi 15.

Kuyambira miyezi 9 kufikira zaka 2, mwana ayenera kudya katatu kapena kanayi pa tsiku, kuwonjezera pa kuyamwa, chifukwa mimba yake ndi yaing'ono. Mumpatse phala lothira nsinjiro musanapite kumunda, ndipo mumtengere nthochi yoti adye kumeneko.

Tsono maudindo. Mayi wodalirika ndiye amene anthu amamsenzetsa zambiri: ulembi kumpingo, usungichuma ku banki m'khonde. Maliro ndi nkhani ina, kumeneko sitikana. Koma pa zinazi si mwano kuyankha kuti, "Pepani, chaka chino ndili ndi mwana wamng'ono, asankhidweko ena."