Kukiya galimoto popanda kudzutsa mudzi

Mwambo wa maliro unali pakati, abusa atangotsegula Baibulo, pamene hutala ya Daihatsu Mira yomwe inaima pansi pa mtengo wa mango inayamba kulira. Mwini wake, bambo wachikulire wochokera cha ku Luchenza, ankangofuna kutenga mankhwala awo m'galimotomo. Rimoti inakana, iwo n'kutsegula chitseko ndi kiyi, ndipo posakhalitsa khamu lonse linali litacheuka. M'mawa mwake anafika pamalo panga pano pa Thuchila nkhope ili yakugwa. "Amisiri, mundidulire chinthu chimenechi. Chandichititsa manyazi pamaso pa amfumu."

Sindinadule waya ngakhale mmodzi. Ntchito yanga ndi ya magetsi a galimoto, ndipo pempho lotere ndimalimva kawirikawiri. Galimoto ya bambowo inalibe vuto. Kabatire ka mu rimoti, kaja kooneka ngati ndalama yachitsulo, ndi kamene kanatha mphamvu. Alamu inangochita zimene anaipangira.

Alamu ndi msampha, ndipo msampha sugwira usanatcheredwe. Pa magalimoto ambiri ochokera ku Japan amene ali ndi alamu ya kufakitale, batani la pa rimoti limagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: limakiya zitseko, n'kutcheranso msamphawo. Toyota zambiri zimadikira masekondi 30 zitseko zitakiyidwa, kenaka alamu imayamba kulondera. Kuyambira pamenepo kakompyuta ka m'galimoto kamayembekeza kuti amene anakiya ndi rimoti adzatsegulanso ndi rimoti. Chitseko chikatseguka mwa njira ina, kaya ndi kiyi wachitsulo kaya ndi dzanja la munthu amene ali m'kati, kakompyutako sikadziwa ngati ndi mwini kapena wakuba amene wapana loko ndi sikuludiraiva. Ma Daihatsu amayamba ndi kabelu ka m'kati kochenjeza, hutala n'kubwera pambuyo. Bambo aja akanalowa msanga n'kuliza injini, phokosolo likanathera pomwepo.

Apa ndi pamene pali yankho la funso limene anthu amandifunsa kwambiri, loti angakiye bwanji galimoto alamu osatcheredwa. Pa magalimoto ambiri a ku Japan, kukiya ndi kiyi wachitsulo pa chitseko cha dalaivala kumangotseka maloko, msampha osaukhudza. Ngakhale galimoto yoliza podina batani ili naye kiyi ameneyu, amabisala m'kati mwa rimoti, ndipo amatuluka mukakankha kachotsekera kakang'ono. Ndikunena kuti magalimoto ambiri, osati onse. Ena, makamaka opangidwira msika wa ku Ulaya kapena ku America, amatchera alamu ngakhale mwakiya ndi kiyi.

Buku la galimoto limafotokoza zonsezi, koma kuno limabwera lolembedwa m'Chijapani. Galimoto imachoka pa doko la Dar es Salaam, kulowera pa chipata cha Songwe, kufika ku Mulanje, mwini wake osawerengapo tsamba ndi limodzi lomwe. Ena amaopa ngakhale mawu a mzimayi amene amalankhula Chijapani injini ikangolira, n'kumaganiza kuti ndi chenjezo la alamu. Kameneko ndi kamakina kolipirira misewu ya ku Japan, kakungodandaula kuti mulibe khadi. Sikakhudzana ndi chitetezo cha galimoto.

Magalimoto a ku Ulaya, monga Volkswagen ndi BMW, ali ndi khalidwe lina. Ambiri ali ndi timasensa m'denga kapena pamwamba pa zitseko, totulutsa phokoso limene khutu la munthu silingamve, la pafupifupi 40 kHz. Phokosolo limagunda mipando ndi magalasi n'kubwerera. Kanthu kakasuntha m'katimo, limabwerera mosintha, alamu n'kulira. Safunika kukhala wakuba. Gulugufe wotsekeredwa m'kati ndi wokwanira, chimodzimodzi mphepo yolowa pa windo limene mwasiya pang'ono chifukwa cha kutentha kwa Okutobala. Palinso kasensa kena kamene kamamva galimoto ikapendekeka, koteteza kwa akuba matayala, ndipo n'kamene kamaliza alamu galimoto ikanyamulidwa pa lole. Opanga anaikamo njira yozimitsira timasensati zitseko zili zokiya. Pa BMW mumadina batani lokiyira kachiwiri pasanathe masekondi 10. Pa Volkswagen zambiri mumadina kawiri motsatizana msangamsanga, ndipo zina zili ndi batani lake pa chipilala cha pafupi ndi mpando wa dalaivala.

Kudina kawiri pa Volkswagen kumachotsanso chinthu china chimene ndikufuna aliyense achimvetse. Magalimoto ambiri a ku Ulaya akakiyidwa ndi rimoti, zogwirira za m'kati zimafa, moti munthu wotsala m'katimo sangatsegule chitseko ngakhale atakoka bwanji. Anazipanga choncho kuti wakuba akaswa galasi alephere kutsegula. Koma taganizirani agogo atsala m'galimoto pa chipatala, dalaivala wakiya n'kupita kukaima pa mzere. Munthu wamkulu akatsala m'kati, musiyireni kiyi. Mwana ndiye asatsale yekha m'galimoto ngakhale kwa mphindi zisanu, alamu ikhale yotchera kapena yosatchera. Galimoto yoima padzuwa imatentha msanga kwambiri m'kati kuposa kunja, ndipo thupi la mwana silipirira kutentha ngati la wamkulu.

Koma phokoso lambiri limene timamva pano pa Thuchila silichokera ku alamu ya kufakitale. Ma Sienta, Vitz ndi Probox ambiri amafika alibe alamu, eni ake n'kukaikitsa ya m'sitolo ku Limbe kapena ku Blantyre. Alamu zoterezi zimakhala ndi kabokosi kakang'ono komangiriridwa kunsi kwa chiwongolero, komva kugwedezeka. Pa kabokosiko pali kasikuluwu kosinthira mphamvu ya kumva kwake. Woika alamu amakonda kukapotokola mpaka kumapeto kuti kasitomala akamenya tayala ndi phazi, sayirini ilire, aone kuti ndalama yake yagwira ntchito. Ndiye galimotoyo ikaima m'mbali mwa msewu wa Midima, lole yolemera ikadutsa, kapena bingu likagunda kuchokera kuphiri, imalira popanda woikhudza. Mankhwala ake ndi kubweza kasikuluwuko pang'onopang'ono mukuyesa, mpaka alamu izimva kumenya kwenikweni kokha. Ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Alamu zambiri za m'sitolo zilinso ndi kabatani kobisika kunsi kwa dashibodi. Kakadinidwa m'njira yake, kiyi ali pa ON, alamu imagona koma rimoti imapitiriza kukiya ndi kutsegula zitseko. Kadinidwe kake kamasiyana malinga ndi mtundu wa alamu. Mmisiri amene wakuikirani alamu osakuonetsani kabatani kameneka sanamalize ntchito yake, ndipo muli ndi ufulu wobwerera kukamufunsa.

Nanga galimoto yolira pakati pa usiku, kulibe lole, kulibe bingu? Ndimayambira pa boneti. Pamenepo pali kaswichi kamene kamauza alamu kuti boneti yatsekedwa, ndipo kamakhala pamalo olowa madzi ndi fumbi. Kuno mvula ndi yambiri, chinyontho cha chiperoni nachonso sichichedwa kudyetsa chitsulo dzimbiri. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, magalimoto amene analowa madzi ankabwera miyezi ingapo pambuyo pake, maswichi ndi polumikizira mawaya zitachita dzimbiri. Swichi yotere imagunda n'kusiya yokha, alamu n'kuona ngati wina watsegula boneti. Za pa zitseko ndi pa buti zimachitanso chimodzimodzi.

Kenaka ndimayeza batire. Lodzaza bwino limaonetsa mavoti pafupifupi 12.6 injini itazima, ndipo injini ikamalira liyenera kufika cha pa 14. Likatsika kufika pa 12 ndiye kuti lafooka, ndipo kukazizira m'bandakucha limatsikiratu. Alamu zina zimaona kutsikako ngati wina akudula mawaya. Mutu wa batire wosamanga bwino umachitanso zomwezo. Ndipo amene achotsa batire galimoto ili yotchera asadabwe hutala ikalira pamene akulibwezera.

Chifukwa chimene ndimakanira kudula n'chakuti alamu siikhala payokha. Ya m'sitolo nthawi zambiri imalumikizidwa pa waya wa sitata kapena wa pampu ya mafuta, kuti ikalira galimoto isalire. Wodula mosadziwa amathetsa phokoso, m'mawa galimoto n'kukana kulira. Ena amasokoneza alamu ndi immobiliser, kachipangizo kamene kamawerenga kachipu kobisika m'mutu wa kiyi, n'kukaniza injini ngati kiyiyo ndi wachilendo. Ku Germany ndi ku Britain analamula kuti magalimoto atsopano onse azikhala nako kuyambira 1998. Pa galimoto imene ili nako, kiyi wosulitsa pa msika amatsegula chitseko koma injini osalira. Kanyali kofiira kophethira pa dashibodi nthawi zambiri n'ka chipangizo chimenechi, ndipo chipangizocho chimapitiriza kuteteza galimoto ngakhale mwakiya ndi kiyi wachitsulo. Choncho pa galimoto yotere kukiya osatchera alamu sikusiya galimoto pambalambanda. Chimene mwachotsa ndi phokoso lokha.

Chizolowezi chimodzi ndinachiphunzira kwa abale athu okhala ku Johannesburg. Kumeneko akuba amaima pamalo oimika magalimoto ndi kachipangizo kosokoneza mafunde a rimoti. Mwini amadina batani akuyenda, osacheuka, chonsecho uthenga sunafike ndipo zitseko zatsala zosakiya. Iwo akakiya amakoka chogwirira kuti atsimikize. Kabatire kofooka kamabweretsa vuto lomwelo popanda wakuba aliyense, tsono rimoti ikayamba kufuna kuti muyandikire kwambiri, sinthani kabatireko. Ambiri ndi a mavoti 3, monga CR2032, ndipo nambala yake imalembedwa pamwamba pake.

Bambo a ku Luchenza aja ndinawasinthira kabatire, kenaka tinayesa limodzi zimene ndikupempha mwini galimoto aliyense achite kunyumba, masana, anansi atadziwitsidwa. Tsitsani galasi la dalaivala, tulukani, kiyani ndi kiyi wachitsulo, dikirani mphindi imodzi, ndipo mupise dzanja pa windo n'kutsegula chitseko cha m'kati. Ikakhala chete, mwadziwa kuti pa galimoto yanu kiyi satchera alamu. Bwerezani ndi rimoti, ili m'manja kuti muzimitse msanga ikalira. Yesani sabata ino, tsiku la maliro kapena la mapemphero lisanakupezeni musakudziwa.