Ludzu la ku Balaka ndi Nkhalango ya Mvai

Mtsinje wa Shire umadutsa pa Liwonde, m'malire a maboma a Machinga ndi Balaka, ndipo suphwa ngakhale m'chilimwe. Komatu kwa zaka zambiri madzi a m'mipope ya m'tauni ya Balaka sanali ochokera mu Shire ayi. Anali kuchokera kumapiri a ku Ntcheu, ku damu la Mpira, limene linamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980.

Chifukwa chake nchosavuta kumva. Shire ali kumunsi kwa tauniyo, kotero kuti madzi ake amafuna makina ndi magetsi oŵakankhira kumtunda. Damu la Mpira lili pamwamba, ndipo madzi ake amatsika okha m'mipope mpaka kukafika kumidzi ndi kutauni.

Koma anthu omwa madziwo anachuluka msanga. Balaka inapatulidwa ku Machinga nkukhala boma palokha m'chaka cha 1998, ndipo kalembera wa chaka chimenecho anapeza anthu oposa 250,000 m'bomalo. Pofika 2018 anali atapitirira 430,000. Masukulu, zipatala ndi misika zinawonjezeka, ndipo chilichonse cha zimenezi chimafuna madzi tsiku ndi tsiku.

Pamene anthu anali kuchuluka kumunsi, damulo linali kuchepa kumtunda. Mitengo ya m'nkhalango ya Mvai, kumene kumachokera madzi ake, inadulidwa ndi ootcha makala ndi otsegula minda. Phiri likakhala lopanda mitengo, mvula siloŵa pansi. Imathamanga nikokolola dothi, ndipo dothilo limakakwirira damu. M'chaka cha 2018 mvula itachepa, damu la Mpira linaphwa. Mipope inauma, ndipo amayi ndi ana a sukulu ankalaŵirira mbandakucha kukaima pamzere pamijigo. Mijigo nayo siithetsa vuto lonse, pakuti m'madera ena a m'chigwachi madzi a pansi ndi amchere.

Tsono madzi a ku Balaka sasungidwa ndi khoma la damu lokha, koma ndi mitengo ya m'boma lina. Wootcha makala ku Mvai naye ali ndi banja lofuna chakudya, ndipo sangaleke nkhwangwa asanapeze njira ina yopezera ndalama. Ngakhale atakumba zitsime zatsopano kapena kupopa madzi a mu Shire, nkhalangoyo ifunika kubzalidwanso. Mphunzitsi wofotokozera ana za kukokoloka kwa nthaka safunika kutenga chitsanzo cha kutali. Mpope wa pasukulu pomwepo ndi wokwanira.