KANYUMBA KA PA VANETI: MTENGO WOLIMBA SINDIWO WOYENERA NTHAWI ZONSE

Mlimi kapena wamalonda wocoka ku Chipata kupita ku Lusaka amayenda mtunda wopitirira makilomita 550, ndipo kawiri-kawiri malonda satha tsiku limodzi. Ndalama za malo ogona zimadya phindu, pomwe kugona pansi pa galimoto kuli ndi mabvuto ake a mvula, udzudzu ndi akuba. Kaamba ka ici, mwini vaneti angathe kumanga kanyumba kokwezeka kumbuyo kwa galimoto lake, kokhala ndi bedi ndi posungira ziwiya, kamene angakatsitse pobwerera ku nchito za kumunda.

Ku America, kumene tinyumba totere tinafala kale, amatichula kuti truck camper. Mlembi wochuka John Steinbeck anazungulira dzikolo mu 1960 ali ndi garu wake, akugona m'kanyumba ka pa vaneti ya GMC, ndipo galimotolo likusungidwa mumzinda wa Salinas ku California. Kanyumba kake kanapangidwa ku fakitale, koma ambiri amadzimangira okha pakhomo. Nchitoyi kalipentala wa pamudzi angaithe bwino lomwe, malinga aiwale zina zimene anazolowera pomanga nyumba ya pansi.

Pomanga nyumba ya pansi mmisiri amafuna mtengo wolimba kopambana, ndipo kulemera kwake sikumudetsa nkhawa popeza nthaka ndiyo imausenza. Pa galimoto si tero. Mavaneti ambiri a mpando umodzi, monga Toyota Hilux ndi Isuzu, anapangidwa kuti azinyamula makilogalamu pafupi-fupi 1,000, ndiye kuti matumba 20 a cimanga a makilogalamu 50. M'ciwerengero cimeneci muli woyendetsa yemwe ndi ciri conse cokwezedwa m'galimotomo. Anthu awiri angatenge makilogalamu 140. Madzi malita 40 ndi makilogalamu 40. Zipangizo, zofunda, mapoto ndi ufa zingafike 100. Kanyumba kakalemera makilogalamu 300, malo otsala ndi a matumba 8 okha basi, ndipo kakalemera 500 matumbawo atsika kufika pa 4. Thabwa liri lonse lokhomedwa popanda cifukwa ndi katundu wamalonda wotsala pakhomo.

Ndiye cifukwa cake tsanya, amene ena amati mupani, ayenera kusiyidwa ngakhale ciswe cimamulephera. Tsanya wouma amamira m'madzi, ndipo amalemera kuwirikiza kawiri paini. Mlombwa uli pakati. Sufumbwa msanga ndipo supindika ukauma, koma ngwodula, motero ndi bwino kuusungira citseko ndi mafelemu a mazenera. Cimango conse cingapangidwe ndi paini, wonga uja wocokera m'minda ya mitengo ya ZAFFICO ku Copperbelt. Timatabwa ta mamilimita 50 mbali zonse tikwanira, koma tikhale touma ndi topanda mfundo zikulu-zikulu, pakuti paini amathyokera pa mfundo.

Ena amakonda cimango ca mapaipi a citsulo a ngodya zinai, popeza owocherera apezeka pa misika yambiri. Cimango cotere ncolimba ndithu, koma cifunika penti yochinjiriza dzimbiri cisanakutidwe. Aluminiyamu ndiyo yopepuka, pakuti citsulo cimailemera pafupi-fupi katatu zikakhala zofanana kukula. Bvuto lake ndi mtengo, ndiponso kuti makina wamba owocherera saitha. Cinanso, aluminiyamu ikagundana ndi citsulo pamalo a cinyezi imayamba kudyeka, cotero pakati pake pafunika mphira kapena penti.

Pa makoma ndi pamene amisiri ambiri amalakwitsa. Pulayiwudi imagulitsidwa m'zidutswa za mamita 2.44 m'litali ndi 1.22 m'lifupi. Ya mamilimita 18 imalemera makilogalamu ngati 30, pomwe ya mamilimita 6 imalemera ngati 10. Pa zidutswa khumi kusiyana kwake ndi makilogalamu 200, matumba anai athunthu. Yocindikala ifunika pansi popondapo ndi pa bedi pokha. Makoma ndi denga zimalimba ndi yopyapyala ikamatidwa ndi guluu ku cimango ndi kumangidwa ndi masikuluu. Misomali yokha siikhalitsa, cifukwa kugwedezeka kwa pa mseu wafumbi kumaizula pang'ono-pang'ono mpaka mpata utaoneka. Wogula afunse pulayiwudi yomatidwa ndi guluu wosasungunuka ndi madzi. Matabwa aja a utuci woumbidwa, amene amapangira makabati ochipa, asayesedwe nkomwe: akangonyowa kamodzi amatupa ndi kunyenyeka ngati cikondamoyo.

Madzi amalowera m'mphepete mwa pulayiwudi, m'mabowo a masikuluu ndi mozungulira mazenera. Malo amenewa apakidwe penti ya mafuta kawiri kapena katatu zidutswa zisanalumikizidwe, pakuti pambuyo pake burashi siifikamo. Denga likhale lokwera pang'ono pakati kuti madzi asaime. Malata opyapyala angakute kunja, koma malata okha amasandutsa kanyumba kukhala ng'anjo mu October, ndipo mu June amacita thukuta usiku ndi kudonthezera ogona. Mankhwala ake ndi kuika polystyrene, zoyera zopepuka zija zimene amakutira mawailesi m'makatoni, pakati pa malata ndi pulayiwudi. Zofolera za asbestos nzolemera, zimasweka, ndipo fumbi lake limaononga mapapo. Magalasi wamba a m'nyumba nawonso ngoopsa akasweka, motero mazenera akhale a pulasitiki yolimba, ndi waya wa maso ang'ono wochinga udzudzu.

Kulemera kukhalenso pamalo oyenera. Zolemera zonse, monga madzi, batire ndi bokosi la zipangizo, ziikidwe pansi ndi kutsogolo kwa mawilo a kumbuyo, pafupi ndi mpando wa woyendetsa. Zikakhala kumapeto, mawilo a kutsogolo amapepukidwa ndipo ciongolero sicimvera. Zikakhala pamwamba, galimoto limapendekeka pokhota. Amene anatsikapo mapiri a Manenekera kulinga ku mlato wa Luangwa adziwa kuti kumeneko mabuleki ndi makona sizilekerera galimoto lolemera mutu. Kanyumba kafupi, kongokwana munthu kukhala tsonga pa bedi, kaposa kacitali koimiriramo.

Kanyumbako kamangidwe ku galimoto m'ngodya zonse zinai ndi mabauti kapena maunyolo okungika, osati zingwe za mphira, ndipo pansi pake payalidwe mphira kuti kasatsetsereke. Nyali za kumbuyo ndi nambala ya galimoto zisabisike. Bungwe la Road Transport and Safety Agency ndilo limayesa magalimoto ngati ali oyenera kuyenda pa mseu, ndipo ndi nzeru kukafunsa kumeneko matabwa asanagulidwe. Galimoto likamayenda, m'kanyumbamo musakhale munthu, ngakhale mwana.

Ngozi yoopsa kopambana imadza galimoto litaima. Usiku wa m'nyengo yozizira munthu amakopeka kulowetsa mbaula ndi kutseka citseko. Makala oyaka amatulutsa mpweya wochedwa carbon monoxide, umene ulibe fungo ndipo suoneka. Ogona amayamba ndi kupweteka mutu ndi kulefuka, kenaka osadzukanso, ndipo m'kacipinda kakang'ono comweci mpweyawo sucedwa kudzaza. Injini yosiyidwa ikulira imatulutsa mpweya womwewo. Pa cifukwa ici kuphika konse kucitikire panja, mbaula igone panja, ndipo mmisiri asiye mabowo awiri osatsekeka, lina munsi mwa khoma, lina pafupi ndi denga, onse okutidwa ndi waya wa udzudzu.