KALABU YA ROTARY YA KU JONI INAKWANITSA ZAKA 100

M'caka ca 1921, pamene amuna ambiri a maiko a kuno anali kuyenda maulendo a masabata ambiri kupita ku Joni kukafuna nchito m'migodi ya golide, anthu ena a malonda a mumzinda womwewo wa Johannesburg anasonkhana nayambitsa kalabu. Iyo ndiyo inali kalabu yoyamba ya bungwe la Rotary mu Africa monse. Mu 2021 inakwanitsa zaka 100 ikali kukumanabe, ndipo makalabu anzace a m'maiko ambiri, kuphatikizapo a muno m'Zambia, anakondwera nayo pamodzi.

Mlimi wa ku Katete kapena ku Chadiza angafunse kuti cikondwerero ca anthu ovala masuti a ku Joni cimkhudza bwanji iye. Yankho lace lili ku sikelo. Madontho awiri aja amene anamwino amadonthezera m'kamwa mwa mwana kuti asagwidwe ndi poliyo ali ndi mbiri yaitali, ndipo mbali ina ya mbiriyo inalembedwa pa matebulo a makalabu onga iyi.

CIYAMBI CACE

Bungwe la Rotary linabadwira ku Chicago m'dziko la America pa 23 February 1905. Analiyambitsa ndi loya wina, a Paul Harris, pamodzi ndi anzao atatu: wogulitsa malasha, telala ndi katswiri wa za migodi. A Harris anakulira m'tauni yaing'ono mmene anthu onse anali kudziwana, ndipo atafika mumzinda waukulu anasowa mabwenzi. Anthu anaiwo anapangana zomakumana kawirikawiri, lero ku ofesi ya uyu, ulendo wotsatira ku ofesi ya uja, monga mmene cilimba cimazungulirira pakati pa mamembala ace. Dzina lakuti Rotary linacokera pa kuzungulirako, ndipo cizindikiro cao mpaka lero ndi gudumu.

Posakhalitsa anaona kuti kudya ndi kuseka kokha sikungasunge kalabu. Mu 1907 anayamba nchito yao yoyamba yothandiza anthu, ndipo siinali nchito yapamwamba ai: analimbikira kuti mumzinda wa Chicago mumangidwe zimbudzi za anthu onse. Mu 1917 mtsogoleri wao, a Arch Klumph, anapempha kuti pakhale thumba la zacifundo. Mphatso yoyamba kulowa m'thumbalo inali madola 26 ndi masenti 50, yocokera ku kalabu ya ku Kansas City.

MACITIDWE A KALABU

Kalabu ya ku Johannesburg inatengera mwambo womwewo, umene makalabu ambiri akali kuutsata. Mamembala amasankhidwa kucokera ku nchito zosiyanasiyana, kuti pa tebulo limodzi pakhale dokotala, mphunzitsi, wamalonda ndi womanga nyumba. Amakumana pa tsiku loikika, nthawi zambiri kamodzi pa sabata. Wapampando amaliza belu, anthu nadya, ndipo mlendo woitanidwa amakamba nkhani ya nchito yace kapena ya bvuto lina la m'deralo. Wocedwa kufika kapena woiwala kubvala baji amalipitsidwa faindi yaing'ono anzace akuseka, ndipo ndalamayo imalowa m'thumba. Wapampando amakhala caka cimodzi cabe, kuyambira pa 1 July, kenaka amasiyira mnzace.

Pa caka pamakhalanso maphwando a madzulo, magule, mipikisano ya gofu ndi maulendo a mabanja. Olowa pa maphwandowo amagula matikiti, ndipo phindu lace ndilo limagula mabuku, madesiki, njinga za opunduka kapena kukumbitsa zitsime. Mwambi wa bungweli umanena kuti kutumikira ena kuposa kudzifunira zabwino.

Ena amanena kuti makalabu otere ndi a anthu olemera ongodyera pamodzi. Mau amenewa ali ndi pogwira. Pamene kalabu ya ku Joni inayamba, inali ya azungu acimuna, mumzinda umene munthu wakuda anali kuyenda ndi pasi. Akazi sanali kuloledwa m'bungwe lonse kufikira khoti lalikulu la ku America litagamula mlandu mu 1987, ndipo lamulo la bungwe linasinthidwa mu 1989. Koma gudumu linazungulira ndithu. Mu 2003 a Jonathan Majiyagbe, loya wa ku Kano ku Nigeria, anakhala munthu woyamba wa mu Africa kutsogolera bungwe lonse, ndipo mu 2022 mai Jennifer Jones a ku Canada anakhala mkazi woyamba pa mpandowo. Lero makalabu a ku Lusaka, Ndola, Kitwe ndi Livingstone amayendetsedwa ndi ana a dziko lino, ndipo ali m'cigawo cimodzi ndi anzao a ku Malawi, Zimbabwe ndi mbali ina ya Mozambique.

NKHONDO YA POLIYO

Nchito yaikulu koposa zonse imene makalabu awa anagwirira pamodzi ndiyo yolimbana ndi poliyo. Nthendayi imabwera ndi kacirombo kamene kamacokera m'cimbudzi ca munthu wodwala, nikalowa m'kamwa mwa wina kupyolera m'madzi, m'cakudya kapena m'manja osasamba. Imagwira makamaka ana osakwana zaka 5. Ambiri saonetsa cizindikiro ciri conse, koma mmodzi mwa ana 200 ogwidwa amazizira ziwalo moyo wace wonse. Mankhwala ocizira palibe; cimene ciripo ndi katemera woteteza.

Mu 1979 a Rotary anayamba nchito yotemera ana 6 miliyoni ku Philippines. Itayenda bwino, mu 1985 analonjeza kusonkha ndalama zotemerera ana a dziko lonse la pansi. Mu 1988 anagwirizana ndi mabungwe a WHO, UNICEF ndi ena pa cholinga cofafaniziratu nthendayi. Pa nthawiyo poliyo anali kupundula ana pafupifupi 350,000 caka ciri conse m'maiko 125. Mu 1996 a Nelson Mandela anakhazikitsa nchito yapadera yothamangitsa poliyo mu Africa, a Rotary ali pambali pao. Kucokera pa ciyambi, bungweli lasonkha madola opitirira 2 biliyoni pa nkhondoyi, ndipo zina mwa ndalamazo zinayamba monga zopereka zazing'ono za pa misonkhano ija. Akulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Mwana womaliza kupunduka ndi kacirombo kacilengedwe ka poliyo komera mu Africa anapezeka ku Nigeria mu 2016. Pa 25 August 2020, a WHO analengeza kuti kaciromboko katha m'cigawo cao ca Africa.

CIKONDWERERO NDI CENJEZO

Cifukwa ca ici, kalabu ya ku Joni inafika pa zaka 100 iri ndi cosimba. Koma caka ca 2021 cinali ca mliri wa Covid-19, ndipo kusonkhana m'magulu akulu kunali kovuta. Msonkhano wa cikumbutso unacitika mu April, ndipo mamembala a m'maiko osiyanasiyana anaonana ndi kumvana pa intaneti, ali yense ali kwao. Anthu amene kwa zaka zana anazolowera kudyera pa tebulo limodzi anakondwera ali motalikirana.

Cisanathe caka cimodzi, pa 17 February 2022, Boma la Malawi linalengeza kuti mwana wamkazi wa zaka 3 wa ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo. Akatswiri atapima anapeza kuti kaciromboko kanali ka mtundu wa ku Pakistan, dziko limene pamodzi ndi Afghanistan likali nayo nthendayi. M'caka comweco ana ena 8 anapezeka nayo m'cigawo ca Tete ku Mozambique. Madera onse awiriwo ndi oyandikana ndi cigawo ca Kum'mawa, ndipo anthu amaoloka malire tsiku ndi tsiku kupita ku maliro, ku misika ndi ku cigayo. Kuyambira mu March 2022 a zaumoyo anayenda khomo ndi khomo m'Malawi, Mozambique, Tanzania ndi Zambia, kenakanso m'Zimbabwe, kudontheza katemera ndi kupaka inki pa cala ca mwana ali yense wolandira. Mu May 2024 ndipo panalengezedwa kuti mliriwo watha.

Madzi saiwala khwawa. Pamene ana osatemera acuruka, nthendayi imapeza njira, ndipo palinso mtundu wina wa poliyo umene umabuka m'madera momwe ana ambiri sanalandire katemera mokwanira.

Kalabu ingasonkhe ndalama, Boma lingagule katemera, galimoto ingaufikitse ku cipatala ca kumudzi ali wozizira bwino m'bokosi. Apo ndi pamene mphamvu ya anthu a ku Joni, ku Chicago ndi ku Lusaka imathera. Mtunda wotsalawo, wocokera pa khomo la nyumba kukafika ku sikelo, amayenda ndi mai wobereka mwana kumbuyo, bambo womkweza pa njinga, ndi nyakwawa yoitana anthu ace pa tsiku la katemera. Makolo onse ayenera kuyang'ana khadi la mwana wao, ndipo ngati pali katemera amene anaphonya, apite naye ku cipatala capafupi. Katemera wa ana m'zipatala za Boma ndi waulere.