Kampira kamodzi, mafoni awiri

Kodi kampira kangayende mowongoka n'kukhotanso pa ulendo womwewo? Mwana sangavomere pongomuuza, ayenera kudzionera.

Tikufunika thabwa lozungulira ndi mafoni awiri. Foni yoyamba timaikoloweka kudenga, ikuyang'ana pansi. Yachiwiri timaimangirira pa kamtengo kokhomeredwa pathabwapo kuti izizungulira nalo, nayonso ikuyang'ana pansi. Tiimange molimba, poti foni yobwereka ikagwa ndi mlandu, ndipo mbali inayo tikhomereko cholemera kuti thabwa lisapendekeke. Mafoni akayamba kujambula, tiombe m'manja kamodzi: phokosolo lidzatithandiza kuyambitsira makanemawo pamodzi. Kenako tizungulitse thabwa n'kuponya kampira kadutse pamwamba pake.

Kanema wakudenga aonetsa njira yowongoka, wapathabwa yokhota. Kukhotaku anakufotokoza Gaspard-Gustave de Coriolis mu 1835. Dziko nalonso limazungulira, n'chifukwa chake namondwe Idai, amene anasakaza Beira mu 2019, ankazungulira ngati mivi ya wotchi.

Koma tisathamangire dzinalo. Ana ayambe atsutsana m'Chinyanja, ife tingofunsa kuti: "Woonayo ali pati?" Mawu a Chipwitikizi abwere akayankha.