Mawu a pasiteji akalowa m'filimu: Nkhani ya Aaron Sorkin

Chida chachikulu cha mlembi wa zisudzo za pasiteji ndi mawu. Woonera amene wakhala kumbuyo kwa holo saona bwino nkhope ya wochita sewero, choncho mkwiyo, mantha kapena chinyengo ziyenera kumveka m'zolankhula. M'filimu zinthu n'zosiyana, pakuti kamera imayandikira mpaka kuonetsa diso likuphethira. N'chifukwa chake alembi ambiri a mafilimu amachepetsa zolankhula.

Aaron Sorkin wa ku America sadatsate njira imeneyi. Iye adatchuka ndi sewero la A Few Good Men lomwe lidaonetsedwa ku Broadway, mumzinda wa New York, mu 1989. Mu 1992 adalisandutsa filimu momwe mudali Tom Cruise ndi Jack Nicholson. Pachimake pa filimuyo palibe mfuti yolira kapena galimoto zothamangitsana. Pali amuna awiri okha m'bwalo la milandu, wina akufunsa, winayo akuzemba mpaka kupsa mtima n'kuulula.

Atengambali a Sorkin amalankhula mofulumira, kudulana mawu, kenaka kubwerera ku funso lomwe lidasiyidwa kale. Izi zimabweretsa vuto la nthawi. Ojambula mafilimu amawerengera kuti tsamba limodzi la zolemba limatenga mphindi imodzi, koma zolemba za The Social Network, filimu ya mu 2010 yofotokoza chiyambi cha Facebook, zidapitirira masamba 160. Mmalo modula masamba, wotsogolera kujambulako, David Fincher, adafuna kuti ochita sewero alankhule paliwiro la mlembiyo, ndipo filimuyo idatha m'maola awiri. Gawo loyamba lokha, pomwe Jesse Eisenberg ndi Rooney Mara akukangana patebulo, adalijambula maulendo 99. Sorkin adalandira mphotho ya Oscar chifukwa cha zolembazo.

Vuto lina ndi lakuti maso amatopa kuyang'ana anthu ongokhala pansi. M'sewero la pawailesi yakanema la The West Wing, lomwe lidayamba mu 1999, iye ndi wotsogolera Thomas Schlamme adazoloweretsa anthu kuona atengambali akukambirana uku akuyenda m'makonde, kamera ikuwatsata.

Komabe kalembedweka kali ndi mtengo wake. Nthawi zambiri loya, mlembi wa muofesi ndi mwana wasukulu amamveka ngati munthu mmodzi, onse akuthwa lilime, onse okhala ndi yankho pakamwa. Pasiteji oonera amadziwa kuti akuona sewero, koma filimu yonena za munthu wamoyo ambiri amaitenga ngati mbiri yeniyeni. Mark Zuckerberg adadandaula poyera kuti filimuyo idapotoza chomwe chidamuchititsa kuyambitsa Facebook, koma chikhalirecho anthu ochuluka amamudziwa kudzera m'mawu omwe Sorkin adamuika m'kamwa.