Uthenga wofunika usakwiririke m'macheza

Mukapita ndi mwana ku sikelo, ziwerengero za katemera zimakathera mu DHIS2, pulogalamu ya pakompyuta imene Unduna wa Zaumoyo umagwiritsa ntchito. Imatsogoleredwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway, koma aliyense wodziwa ntchitoyi akhoza kuona mmene inalembedwera n'kuthandiza kuikonza.

Nanga akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana amamvana bwanji? Macheza ngati a pa WhatsApp sakwanira, poti uthenga umakwiririka msanga. Vuto amalilemba pa Jira, pomwe limapatsidwa nambala n'kumalondoledwa mpaka litakonzedwa. Zimene asintha amaziika pa GitHub kuti aliyense aone.

Inunso a komiti ya zaumoyo m'mudzi, chezani pafoni, koma zimene mwagwirizana, monga tsiku la katemera, lembani m'buku la komiti. Wobwera mawa adzazipeza.